Giza ya sola ndi yabwino, koma amene anandiikira sindidzawaitananso

Yatha miyezi 8 chiikireni giza ya sola iyi, ya malita 200 ndi machubu agalasi 20, ija yopanda presha imene madzi amatsika okha kuchokera padenga. Ndalama ya oikira anandilipiritsa padera. N'chifukwa chake za tsiku loikalo zimandiwawabe mumtima.

Anyamata awiri amene sitolo inatumiza anafika cha m'ma 10 koloko. Anamanga chimango, anakweza thanki, analowetsa machubu onse, kenako anatsika kukapuma, machubu aja ali padzuwa opanda ndi dontho lomwe la madzi. Ine ndinkangoonerera, ndimati akudziwa ntchito yawo. Atakweranso cha m'ma 1 koloko, wamkuluyo anangofikira kutsegula madzi ozizira. Ndinangomva kuti phwaa! Posakhalitsa kwinanso phwaa! Machubu atatu anasweka ine ndikuona, magalasi mbwee padenga, madzi chuu kutsikira pansi pomwe ana ankasewera.

Usiku umenewo ndinawerenga kabuku kamene kanali m'katoni. Analembamo poyera kuti madzi oyamba athiridwe m'mamawa kapena dzuwa litalowa, apo ayi machubu aphimbidwe. Chubu chotere chili ndi magalasi awiri, pakati pake anachotsapo mpweya kuti kutentha kusathawe, ndiye chikakhala chouma padzuwa mkati mwake mumatha kufika madigiri 200. Galasi lotentha choncho likakumana ndi madzi ozizira silipirira. Ndipo pa mtundu uwu madzi amalowa m'machubu mwenimwenimo, kotero chimodzi chikasweka thanki yonse imakhuthuka. Munthu amene amadyera ntchito imeneyi angalephere bwanji kudziwa zimenezi?

Kutacha ndinapita kusitolo. Mayi wa pakauntala sanandiyang'ane n'komwe. "Bambo, galasi silikhala pa waranti." Ndinawafunsa kuti kodi anatsegula madziwo ndi ndani, ine kapena anyamata anu? Anati ndidikire abwana. Abwanawo ndinawadikira masabata atatu, foni osayankha, giza ili gwaa padenga, ife tikutenthetsabe madzi osamba monga kale. Atabweretsa machubu, chimodzi chinali choyera kunsonga ya pansi ngati achipaka choko. Apa tsopano ndinali nditachenjera. Kunsongako kumayenera kunyezimira ngati siliva, kukayera ndiye kuti mpweya walowa ndipo chubucho chizitaya kutentha. Ndinachikana pomwepo, iwo akundiona ngati wovuta. Mukamagula yang'anani chubu chilichonse musanasaine.

Komabe ndinene zoona, chipangizocho chilibe mlandu. Chiyambireni kugwira ntchito sichinandikhumudwitse. Chilibe pampu, madzi akatentha amakwera okha kupita m'thanki, ozizira n'kutsikira m'machubu, tsiku lonse mwakachetechete. Tilipo anayi m'nyumba, tonse timasamba madzulo, m'mawa n'kupezabe ofunda. Magetsi akazima ife timasamba ndithu, ndipo bilu yatsika moti mayi a kunyumba anayamba kuiona ndi iwo. Kukachita mitambo masiku awiri otsatizana madzi amangokhala ofundirako, pamenepo ndimayatsa element, chitsulo chotenthetsa madzi ndi magetsi m'thankimo, kwa ola limodzi basi.

Vuto lake ndi lakuti nyengo yotentha madzi amachita kuwira. Mwana wanga wamng'ono anatsala pang'ono kupsa dzanja pampopi. Ndinaitana pulambala wina, munthu wofatsa, amene anaika valavu yosakaniza madzi otentha ndi ozizira. Ogulitsa aja sanaitchule n'komwe valavuyi, chonsecho anaona okha kuti pakhomo pali ana. Pulambala yemweyo ndi amene anaona kuti anyamata aja sanalimbitse mitengo ya denga. Malita 200 a madzi ndi makilogalamu 200, osawerengera thanki ndi chimango. Anawonjezera matabwa awiri, anandichenjezanso kuti paipi yotulutsa nthunzi pamwamba pa thanki isadzatsekedwe, ngakhale izidontha masana.

Chimodzi chokha chimene anyamata aja anachita bwino ndi kuyang'anitsa machubu kumpoto, monga ziyenera kukhalira kwa amene tili kumwera kwa ikweta, ndiponso kutali ndi mthunzi wa mtengo. Shawa yake ndi yofooka pang'ono chifukwa chosowa presha, ndikanadziwa ndikanawonjezera ndalama n'kugula ya presha.

Giza ndaipatsa nyenyezi zinayi, koma sitolo ndaipatsa nyenyezi imodzi. Mlamu wanga akufuna yakenso mwezi wamawa, ndamupatsa nambala ya pulambala uja, ndipo tsiku loika ndidzakhalapo ndekha kuti madzi asatsegulidwe dzuwa lisanalowe.