Malo oonerapo mpira omwe anaupatsa ulemu mpikisano wa WAFCON

Pa malo ambiri oonetsera mpira mumzinda wa Lilongwe, munthu ukapempha kuti akuikire masewero a amayi amakuyang'ana ngati wasochera, ndipo akakumvera chisoni amakulozera kakanema kakang'ono ka pakona komwe mawu ake sakumveka. Malo omwe ndikufotokoza pano, holo ya malata yomwe ili kuseri kwa msika wa m'dera lathu, anachita zosiyana m'mwezi wa Julayi 2025, pomwe mpikisano wa matimu a amayi a maiko a mu Africa, WAFCON, umachitikira ku Morocco. Ndinaonerako masewero atatu, ndipo maganizo angawa achokera pa masiku amenewo.

Chinthu choyamba chomwe ndiyenera kuyamikira n'chakuti mwini malowo anaika masewerowa pa kanema wamkulu wa kutsogolo, yemweyo amene amaonetserapo ligi ya ku England, ndipo ndandanda ya masewero a tsiku lililonse ankailemba ndi choko pa bolodi la pakhomo. Pa 5 Julayi, tsiku lotsegulira, Morocco inakumana ndi Zambia, ndipo Barbra Banda wa Zambia anamwetsa chigoli anthu ena asanapeze n'komwe pokhala. Masewerowo anathera 2-2, koma chomwe chinandikhalira mumtima n'chakuti mawu a owulutsa ankamveka bwino mpaka ku benchi yomaliza, ndipo wailesi ya nyimbo yomwe nthawi zambiri imasokosa pa kauntala anaithimitsa. Zimaoneka zazing'ono, komabe munthu wokonda mpira amadziwa kuti kuonera popanda mawu kuli ngati kudya ndiwo zopanda mchere.

Ulendo wachiwiri ndinapita pa ndime ya makotafainolo, pomwe Nigeria inaswa Zambia ndi zigoli 5 kwa duu. Ambiri mwa ife timachemerera anansi athu, choncho holo inali zii kuyambira chigawo choyamba, ndipo za tsikuli ndilibe zambiri zonena kupatula kuti magetsi atathima jenereta inalira pasanathe mphindi ziwiri.

Tsiku lomwe linayesa malowa kwenikweni linali la masewero otsiriza, pa 26 Julayi, pakati pa Morocco ndi Nigeria mumzinda wa Rabat. Anthu anadzadza mpaka ena kuimirira m'mbali mwa khoma, ndipo pafupifupi theka lawo anali amayi ndi atsikana, zomwe sindinazionepo pa malo amenewa. Morocco, yomwe mphunzitsi wake anali Jorge Vilda, inatsogola ndi zigoli ziwiri kudzera mwa Ghizlane Chebbak ndi Sanaa Mssoudy chigawo choyamba chisanathe, moti bambo wina yemwe tinakhala naye benchi imodzi ananyamuka n'kumapita, poganiza kuti nkhani yatha. Anaphonya zambiri. Esther Okoronkwo wa Nigeria anabweza chimodzi pa penate, Folashade Ijamilusi anafananitsa mphamvu, ndipo Morocco itapatsidwa penate yake, woyimbira anakaonanso kanema wa VAR n'kusintha chigamulo. Apa ndi pomwe ubwino wa kanemayo unaonekera, chifukwa chithunzi chinali chooneka bwino moti aliyense anadzionera yekha pomwe mpira unagunda, ngakhale kuti mkangano wa nkhaniyo unapitirira mpaka panja. Jennifer Echegini anamwetsa chigoli chachitatu kutatsala mphindi ziwiri, ndipo Nigeria inatenga chikhochi kachikhumi.

Usiku womwewo unaonetsanso poyera zofooka za malowa. Mabenchi ake ndi amatabwa opanda potsamira, ndipo anaikidwa pa mulingo umodzi, kotero kuti munthu wamfupi yemwe wakhala kumbuyo amaonera mitu ya anzake. Mpweya umalowa pa mazenera awiri okha. M'nyengo yozizira ya Julayi zinapiririka, koma sindikufuna kuganizira momwe mungakhalire mu Okutobala. Vuto lalikulu kuposa onse ndi chimbudzi, chomwe chilipo chimodzi chokha cha amuna ndi akazi omwe, chopanda loko wodalirika komanso chopanda nyali. Ndinaona amayi akuperekezana awiriawiri, wina kuwalitsa ndi foni kwinaku akulondera chitseko. Malo omwe aitana amayi kuti adzaonere anzawo akusewera sayenera kuwasiya m'mavuto otere, makamaka poganizira kuti masewero a ku Morocco amatha usiku kwambiri pa nthawi ya kwathu kuno, pomwe njira yochokera pa holoyo kukafika pamsewu waukulu ili mumdima ndipo akabaza amakhala atachepa.

Pa nkhani ya chakudya, mkatimo amagulitsa zakumwa zoziziritsa kukhosi zokha, ndipo zinali zozizira ndithu masiku onse atatu. Mowa saloleza, zomwe ndikukhulupirira kuti ndi zomwe zinapangitsa makolo ena kubwera ndi ana awo aakazi. Wofuna tchipisi kapena kanyenya amagula pa chiwaya cha panja n'kulowa nazo popanda womuletsa. Mtengo wolowera unali womwewo umene amalipiritsa pa masewero a amuna, ndipo ine ndinaona kuti n'koyenera kutero.

Ndinamuuza mwini malowo za chimbudzi ndi nyali ya panjira, ndipo anandimvetsera mwaulemu. Nkhaniyi yakula tsopano chifukwa mu Okutobala 2025 timu yathu ya amayi ya Scorchers inagonjetsa Angola n'kudzigulira malo mu mpikisanowu koyamba m'mbiri yake. Tsiku lomwe Tabitha ndi Temwa Chawinga adzaonekere pa kanema wamkulu uja, holoyo sidzakwana, ndipo wofuna benchi ya kutsogolo adzayenera kufika ola lathunthu mpira usanayambe, atanyamula tochi komanso atapangana kale ndi wakabaza wodzamutenga.