Ma tower kapena ma bookshelf kutsogolo? Ine ndinapsa kale

Mwezi uno wokha anthu atatu andifunsa funso limodzimodzi, akuti akukonza chipinda choonera mafilimu nde kutsogolo aike masipika anji, ma tower aja ataliatali oima pansi kapena ma bookshelf timabokosi tija tokhazika pa sitandi. Ndatopa kubwereza pa foni, ndingolemba kamodzi basi, amene adzandifunsenso ndizingomutumizira izi.

Ndineneretu kuti ine ndili mbali ya ma bookshelf ndi sabu (subwoofer, sipika ya besi yokha), ndipo sindikubisa kuti ndikulankhula ndi chilonda. Ma tower ndinagulapo, anandipweteka, mpaka lero ndikawaona mu shopu mtima umachita kudumpha.

Zinayamba chonchi. Ndinalowa mu shopu ina ndili ndi maganizo oti ndingoonako, wogulitsa uja n'kundiikira ka gawo ka filimu ya nkhondo pa ma tower awiri akuda bii, iliyonse mawufa atatu otulutsa besi, aatali kufika pachifuwa changa. Mabomba akuphulika, ine tsitsi nyawunyawu. Ndinangoyang'ana nambala ya ma watts kumbuyo kwa bokosi, ndinaona kuti ndi yayikulu, basi ndalama n'kutuluka. Pansi pa nambala imeneyo panali kanambala kena kakang'ono kolembedwa 4 ohms, sindinakalabadire, ndipo wogulitsa uja sanandifunse n'komwe kuti kunyumba muli ndi resiva yanji, chija mumalumikizako masipika onse n'kumawapatsa mphamvu.

Masabata awiri oyamba zonse zinali bwino chifukwa ndimaonera usiku voliyumu ili pansi, ana akugona. Tsiku lomwe ndinaitana anzanga kuti adzaone zomwe ndagula ndi lomwe ndinachita manyazi. Ndakweza voliyumu, filimu yafika pachimake penipeni ndege zikuomberana, kenaka kangomveka kuti thi, chipinda chonse zii, chithunzi chazima, pa resiva kagetsi kofiira kakungophethira. Kuika dzanja pamwamba pake ndinachita kulibweza, kutentha ngati simbi. Ndinadikira kuti izizire, kuyatsanso, mphindi 20 yazimanso. Mnzanga wina anangoti "achimwene, tiyeni tingoonera pa TV basi" ndipo mawu amenewo sindidzawaiwala.

Pambuyo pake ndi pomwe ndinakhala pansi n'kumvetsa chomwe chimachitika. Sipika ya ma ohms ochepa imakoka magetsi ambiri ku ampu (amplifier) yomwe ili mu resiva, ya 4 ohms imakoka kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi ya 8 ohms pa voliyumu imodzimodzi. Komanso nambala yomwe amalemba pa bokosi ija ndi yongoyerekeza, zenizeni ma ohms amakwera ndi kutsika malinga ndi mawu omwe akutuluka, moti sipika yolembedwa 4 pena imatsika kufika cha m'ma 3, kawirikawiri kumunsi ku besi komwe mafilimu amadyera mphamvu. Pomwe resiva wamba ya ma channel 7 ili ndi transformer imodzi yomwe ma channel onsewo akugawana, ndipo ma watts omwe amakulemberani ndi zilembo zazikulu aja nthawi zambiri amayezedwa ma channel awiri okha akugwira ntchito, pena imodzi yokha. Nde ikapanikizika imatentha n'kudzizimitsa yokha kuti isapse. Mu menu muli ka setting kosankha ma ohms, ndinakayesa ndithu, kuzima kunachepa koma chomwe kamachita ndi kungodula mphamvu ya resiva kuti isatenthe, ndekuti wagula galimoto yamphamvu koma ukuyendetsa utapondako buleki.

Njira yeniyeni inali kugula ampu yapadera ya masipika awiri akutsogolowo. Apa ndi pomwe panandiwawa kwambiri. Ampu yapadera imafuna kuti resiva ikhale ndi ma pre-out, timabowo totumizira mawu ku ampu yakunja, a kumanzere ndi kumanja, kutembenuza yanga kumbuyo ndinapeza ili ndi pre-out ya sabu yokha basi. Ndekuti kugula resiva ina yapamwamba kuti ndipeze timabowo tiwiri, kenaka ampu, kenaka zingwe, kenaka shelefu ina chifukwa ampu ndi chinthu cholemera ndipo imafuna mpweya. Nditawonkhetsa zonse zinaposa ndalama yomwe ndinagulira ma tower aja. Palibe amene anandiuza izi mu shopu muja, ndipo nditabwerera kukadandaula anandiyankha kuti masipika alibe vuto. Zoona analibe vuto, koma ndani amagula masipika kuti azingowayang'ana.

Kunena chilungamo si ma tower onse a 4 ohms, ndipo ma bookshelf a 4 ohms aliponso ambiri, nde kanambala kameneka kayang'aneni kulikonse. Kusiyana kwake n'koti munthu wa ma tower amayesedwa kuti awasiye pa Large mu menu ya resiva azinyamula besi yonse okha, pomwe wa ma bookshelf amadziwiratu kuti besi yakuya aipereka kwa sabu, ndipo sabu ili ndi ampu yakeyake mkati, resiva imapuma.

Pamenepa ndi pomwe nkhani ya ma tower inandithera. Nditagula zonse zija ndinaguliranso sabu, chifukwa ma tower ambiri apakatikati amatsika mpaka cha m'ma 35 kapena 40 Hz pomwe mafilimu amakhala ndi zinthu zofika ku 20 Hz, zija sumazimva ndi khutu koma m'mimba ndi pa sofa. Ka .1 kaja ka mu 5.1 (masipika asanu ndi sabu) ndi channel yakeyake ya besi, imafika mpaka 120 Hz ndipo imaseweredwa 10 dB pamwamba pa ma channel ena, imeneyo mwini wake ndi sabu. Nditaika sabu, langizo lomwe aliyense wodziwa amapereka ndi lomwe lija la THX, kampani yoika miyezo ya mawu a ku cinema: ika masipika onse pa Small, crossover pa 80 Hz, ndekuti besi yotsika kuposa pamenepo izipita ku sabu. Ndinayesa ndipo mawu anayera nthawi yomweyo, besi inasiya kungoti huuu pakona. Koma taganizani, ndalipira mawufa 6 akuluakulu kenaka ndawalanda ntchito yomwe ndinawagulira. Chifukwa chake n'chosavuta, malo omwe sipika yakumanzere ndi yakumanja ikuyenera kuima kuti mawu agwirizane ndi chithunzi, kuyambira madigiri 22 mpaka 30 kuchokera pomwe mwakhala, kawirikawiri si malo omwe besi imamveka bwino m'chipindamo. Sabu mutha kuisuntha mpaka mutapeza pabwino poti kumunsi kwa 80 Hz khutu limavutika kudziwa komwe mawu akuchokera. Tower simungaisunthe, mukaisuntha mwaononga zina.

Tsono ma bookshelf nawo ali ndi msampha wawo, ndisakunamizeni. Mtengo womwe mukuona pa bokosi si wonse, pakufunika masitandi, ndipo sitandi yabwino yolemera yoti muthiremo mchenga siyotchipa ayi. Ka tweeter, kotulutsa mawu akumwamba, kakuyenera kukhala pa mulingo wa khutu lanu mutakhala pa sofa, nde zoti muika imodzi pa kabati ina pa windo iwalani. Ngati muli ndi ana ang'onoang'ono kapena mphaka, bokosi lokhala pa sitandi limagwa msanga kusiyana ndi tower, yanga ina ili ndi chipsera pakona mpaka pano, kamwana kanga kanaikoka ndi chingwe. Ndipo aja amati ma bookshelf amasunga malo akunama, akakhala pa sitandi amadya pansi pofanana ndi tower. Popanda sabu, ma bookshelf pa filimu amamveka opepera, nde sabuyo muiwerengeretu.

Pomwe ma tower amapambana pali pawiri. Chipinda chachikulu zedi choti mukukhala mamita 4 kapena 5 kuchokera pa sikirini ndipo mumakonda voliyumu ya ku cinema, apo timabokosi ting'onoting'ono timatopa. Kachiwiri ngati theka la nthawi mumamvera nyimbo pa masipika awiri okha opanda sabu. Pa maonekedwe nawonso amapambana, sinditsutsa.

Nambala ina yoti muione ndi sensitivity, yonena kuti sipika imalira bwanji pa mphamvu yomwe yapatsidwa. Kukweza mawu ndi 3 dB kumafuna ma watts kuwirikiza kawiri, ndekuti sipika ya 92 dB ikupatsani ndi ma watts 25 zomwe ya 86 dB ikufuna ma watts 100. Apa masipika a horn ngati a Klipsch ali ndi mbiri yolira kwambiri ndi mphamvu yochepa, ena amawakonda kwambiri pa mafilimu ena amati kumwamba kwake n'kwakuthwa, mukamvere nokha ndi makutu anu. Chenjerani kokha kuti nambalayi imayezedwa pa 2.83 volts, yomwe pa sipika ya 8 ohms ndi watt imodzi koma pa ya 4 ohms ndi ma watts awiri, nde ya 4 ohms imaoneka yolira kuposa mmene ilili.

Chomwe anthu atatu andifunsa aja onse anaiwala ndi sipika yapakati. Kutsogolo si masipika awiri, ndi atatu, ndipo pafupifupi zolankhula zonse za mu filimu zimatulukira pakati. Nthawi ya ma tower ija ndalama zinali zitandithera nde ndinangotola ka center kotchipa ka kampani ina. Galimoto ikamadutsa pa sikirini kuchokera kumanzere imayamba ngati lole, kufika pakati ngati njinga yamoto, kumanja n'kukhalanso lole. Madamu amakhala kumapeto kwa sofa, mphindi zisanu zilizonse "wati chani ameneyu?" mpaka tinazolowera kuyatsa ma subtitle pa filimu yomwe chilankhulo chake tikuchimva. Ma center ambiri ogona aja ali ndi mawufa awiri mbali ndi mbali tweeter pakati, ukakhala pakati penipeni zili bwino koma ukakhala chakumbali mawu a mawufa awiriwo amafika pa khutu mosiyana nthawi n'kumafafanizana, dera lomwe lija la mawu a munthu. Center ya three-way yomwe ili ndi midrange, kasipika ka mawu apakati, pansi pa tweeter imachepetsa vutoli, chimodzimodzi ma driver oika tweeter pakati pa cone ngati Uni-Q ya KEF, yomwe ine ndimaikondera poyera. Koma chokoma cha ma bookshelf n'choti mutha kugula atatu ofanana ndendende, yachitatuyo n'kuimika pakati pansi pa TV kapena kuseri kwa sikirini yodutsa mawu ngati muli ndi projekita. Ndi ma tower zimenezo n'zovuta, tower yachitatu itchinga chithunzi.

Kabowo ka mpweya ka pa bokosi la sipika kakakhala kumbuyo sipika imafuna kutalikirana ndi khoma, ngati chipinda chanu n'chopanikiza funani ya bowo kutsogolo kapena yotseka. Zingwe gulani zakopa wamba zonenepa bwino, zodula zija n'kutaya ndalama. Audyssey, YPAO kapena Dirac, zija za mu resiva zoyeza chipinda n'kukonza mawu zokha, zimathandiza koma sizisandutsa center yolakwika kukhala yolondola, ndinayesa kangapo konse.

Soundbar sindiiika m'gulu limeneli, ndi yabwino kuchipinda chogona. Masipika olowetsa m'khoma amaoneka bwino koma ukalakwitsa malo wabowola kale, ndipo posamuka umawasiya.

Nde kwa inu atatu, awiri a inu zipinda zanu ndazionapo, simukhala kupitirira mamita atatu kuchokera pa TV, gulani ma bookshelf atatu ofanana kapena awiri ndi center ya banja lomwelo, a 6 kapena 8 ohms, ndalama yotsalayo ipite ku sabu yabwino ndi masitandi. Wachitatu uja wa chipinda chachikulu, tengani ma tower anu ndithu, koma musanalipire kajambuleni kumbuyo kwa resiva yanu munditumizire ndione ngati ili ndi ma pre-out. Anga aja ndinagulitsa motchipa kwa munthu amene ali kale ndi ampu, ndinachita kumuthandiza kunyamula mpaka pa galimoto.