Mapulagi wamba kapena a iridium: timange ati m'galimoto zathu za kuno ku Tete?

Ine ndi alamu anga a ku Moatize tili ndi galimoto zofanana, Toyota Probox ya injini ya mtundu wa 1NZ, koma pa nkhani ya mapulagi, amene ambiri kuno timangoti mavela, sitigwirizana. Iwo amamanga okhaokha a nsonga ya chitsulo chotchedwa iridium. Ine kuno ku Ulónguè ndakhala pa mapulagi wamba zaka zambiri. Tonse timasintha tokha pakhomo, ndipo ndaona kuti aliyense ali ndi pomwe akulondola.

Kusiyana kwenikweni kuli pa kansonga kotulutsa moto. Pulagi wamba, monga NGK BKR5E-11 kapena Denso K16R-U11, nsonga yake ndi ya nickel, yonenepa pafupifupi mamilimita 2.5. Ya iridium ndi yowonda ngati singano: mamilimita 0.6 pa NGK Iridium IX, 0.4 pa Denso Iridium Power. Iridium sasungunuka mpaka kutentha kupitirire madigiri 2,400, pamene nickel amasungunuka asanafike 1,500, n'chifukwa chake kansonga kakang'ono choncho kamapirira. Pa nsonga yowonda moto umadumpha mosavuta, koyilo, imene imatumiza magetsi ku pulagi, siigwira ntchito yakalavulagaga, ndipo galimoto imalira msanga ngakhale m'mamawa wa June kuno ku Angónia chisanu chitagwa. Apa alamu anga ndimawavomereza.

Pomwe ambiri amanamizidwa ndi pa kukhalitsa. Wogulitsa amangoti "iridium ndi makilomita 100,000", koma si yonse. Imene imafika pamenepo ndi yokhala ndi chitsulo cholimba mbali zonse ziwiri, iridium pa nsonga ndi kachidutswa ka platinum pa kankono kopindika koyang'anizana ndi nsongayo, monga Denso SK16R11. Imene ili ndi iridium pa nsonga pokha, kankono kake kamadyeka ngati ka pulagi wamba, ndiye musayembekeze kuti ikufikitsani kutali choncho. Wamba ndimasintha ikayenda makilomita pafupifupi 20,000. Ya platinum ili pakatikati pa mtengo ndi pa kukhalitsa; ine sindiona chifukwa choyisakira.

Nanga bwanji ndimakakamirabe wamba? Injini yanga yakalamba, imadya oyilo. Pulagi ya pa silinda yachitatu imatuluka yakuda, yonyowa, ndipo oyilo sasankha kuti uyu ndi nickel uyu ndi iridium, amaphimba zonse. Kuika pulagi yodula m'injini yotere n'kutaya ndalama. Wamba ndimaimasula, kuipukuta ndi burashi ya waya, kuyeza mpata wa pakati pa nsonga ndi kankono kuti ukhale mamilimita 1.1, n'kuibwezera. Ya iridium simungaichite zimenezo, kansonga kaja kamathyoka. Onjezani petulo wa m'mabotolo amene timagula m'mbali mwa msewu tikalowera kumidzi ya ku Tsangano kapena ku Macanga. Alamu anga injini yawo ndi yabwinobwino, amayenda pa tala kuchoka ku Moatize kukwera mpaka ku Zóbuè, petulo amathira pa pampu. Kwa iwo iridium ndi yoyenera, amamanga kamodzi n'kuiwala.

Choipa kuposa zonse ndi iridium yachinyengo, ndipo zimandipweteka kuona anthu osauka akuberedwa nayo. Ndinagulapo inayi pa shopu ina mu mzinda wa Tete, mtengo wake wongoposa pang'ono wa wamba. Isanathe miyezi itatu injini inayamba kunjenjemera pokwera chitunda, ndipo nditamasula ndinapeza nsonga zitadyeka. Ngati ndalama ya iridium yeniyeni palibe, gulani wamba weniweni.

NGK kapena Denso? Apa palibe mkangano, onse ndi a ku Japan ndipo ndi abwino. Chofunika ndi nambala ya m'dzina la pulagi, monga 5 mu BKR5E-11 kapena 16 mu K16R-U11. 5 ya NGK imafanana ndi 16 ya Denso, 6 imafanana ndi 20, ndipo nambala ikamakwera ndiye kuti pulagiyo imataya kutentha msanga. Musasinthe nambala pongoona kuti mu October ku Tete kumatentha kupitirira madigiri 40. Mangani imene injini yanu inalembedwera. Yang'ananinso kutalika kwa mathiredi, chifukwa ma 1NZ ena a pambuyo pake amafuna ya mamilimita 26.5 m'malo mwa 19. Tengani yakale m'thumba popita kokagula, mukaziike pamodzi.

Kamangidwe n'kofanana, kaya mwasankha iti. Injini ikhale yozizira, chifukwa mutu wake ndi wa aluminiyamu ndipo mathiredi ake sachedwa kuwonongeka. Mukachotsa koyilo, yambani mwauzira fumbi la m'dzenjemo ndi pampu ya njinga. Fumbi lathu lino mukulidziwa, likagwera mu silinda ndi mchenga ndithu. Sipanala yake ndi ya 16, yaitali, yokhala ndi mphira mkati. Yatsopano ilowetseni ndi zala mpaka ikhale, ikalimba msanga bwezani muyambirenso. Kenako mangani ndi sipanala theka la kuzungulira kapena kupitirira pang'ono, washala yatsopano ija iphwatalale. Ngati mukubwezera yakale, kungoimanga pang'ono kwakwana. Girisi pa mathiredi musapake, NGK yomwe imaletsa, chifukwa munthu amamanga mopitirira osazindikira. Chitani imodziimodzi kuti makoyilo asasokonezeke.

Alamu anga akuti ndikadzakonzetsa malingi a mapisitoni a injini yanga kuti isiye kudya oyilo, adzandibweretsera SK16R11 inayi kuchokera kumene amagula iwo, ndipo ndavomera. Pakadali pano m'bokosi langa la zida muli K16R-U11 ziwiri zapadera, zodikira silinda yachitatu ija.