Air cooler yothira madzi: imathandiza mvula isanagwe, ikagwa imasanduka fani wamba

Ndikuipatsa nyenyezi zitatu mwa zisanu. Ndinaigula m'sitolo ina ya zamagetsi cha ku Crown Mines, kuno ku Johannesburg, pa R1,300, ndipo taigwiritsa ntchito nyengo yonse yotentha, kuyambira Seputembala mpaka Malichi. Ndimakhala ndi mayi a kunyumba komanso mwana wathu m'chipinda chimodzi cha kuseli kwa nyumba ya alandilodi ku Rosettenville. Denga ndi la malata, siling'i mulibe. Amene mumakhala m'zipinda zotere mukudziwa kuti ikamakwana 2 koloko masana, ngakhale khoma limakhala lofunda ukaligwira.

Ogulitsa ena amakuuza kuti ndi aircon yaing'ono, koma musawamvere. Mkati mwake muli thanki ya malita 10, kapampu kokweza madzi, chipepala cholimba cha mabowomabowo chimene madziwo amayenderera, ndi fani kutsogolo. Mphepo ikamadutsa pachipepala chonyowacho, madzi ena amauma n'kutenga kutentha, ndiye yotuluka kutsogolo imakhala yozizirirapo. Ndi nzeru yomwe ija ya mtsuko wadothi kumudzi, umene umachita thukuta kunja madzi a mkati n'kumazizira.

Ndiye kuti ipindule pamafunika mpweya wouma. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pamene pali nyanja yaikulu, ndipo mu Seputembala ndi Okutobala, mvula isanayambe, kunja kumauma mpaka milomo kung'aluka. Miyezi imeneyi makinawa anatisangalatsa kwambiri. Mwana ankavutika kugona masana, khosi lake lili timatuza ta thukuta, akungotembenuka pamatiresi. Titaiika chapafupi, ngati mapazi atatu kuchokera pamene amagona, ankagona tulo tabwino mpaka mayi ake kuchita kumudzutsa kuti adye phala. Chipinda chonse sichizizira ayi. Amene amamva kukoma ndi amene wayang'anizana nayo.

Zinasintha mu Disembala ndi Januwale. Kuno mvula imakonda kubwera chakumadzulo ndi ziphaliwali, nthawi zina ndi matalala, kenako dzuwa n'kuwalanso pansi pali ponyowa. Mpweya ukakhala kale ndi chinyezi, madzi a m'makinawa sauma msanga, kotero mphepo imatuluka yofunda komanso yonyowa. Thupi limachita kumata. Malaya anga a kuntchito opachika kuseli kwa chitseko anayamba kanunkhidwe ka chinyontho, ndipo pakona pamene timaika sutikesi panayamba kuda. Masiku otere ndimazimitsa pampu n'kuisiya izingopemerera, zomwe fani wotchipa akanathanso kuchita.

Chinthu chimene kabuku kake sikanena momveka n'choti windo lizikhala lotsegula. Ukatseka paliponse, chinyezi chimadzadza m'chipinda ndipo pakangopita kanthawi kumatentha kuposa poyamba. Ife timaiika msana wake utaloza pawindo kuti izikoka mpweya wa kunja, chitseko n'kuchisiya pang'ono kuti wakale uzituluka. Ndikudziwa kuti ambiri kuno sitigona windo lili pululu chifukwa cha akuba. Ngati pawindo panu palibe zitsulo, ganizani kawiri musanatulutse ndalama.

Pa magetsi ndiye ndilibe dandaulo. Pachikwangwani chake alemba mawatsi 65, kutanthauza kuti maola 15 imadya pafupifupi yuniti imodzi. Aircon yaing'ono yeniyeni imatha kudya yuniti imodzi pa ola limodzi lokha. Kwa ife amene timagawana mita ndi anthu ena pabwalo, ndipo mayunitsi akatha msanga aliyense amayang'ana mnzake, kusiyana kumeneku n'kwakukulu.

Zofooka zake zina ndi izi. Ilibe batire, choncho magetsi akazima nayonso yazima, ndipo pamenepo mnzanga wa ku Turffontein amene anagula fani wotchaja amatiposa. Timabotolo tiwiri touma ndi ayezi timene amaikamo pogula timasungunuka msanga; botolo la malita 2 loumitsa mufiriji limakhalitsa, ngakhale kusiyana kwake si kwakukulu monga anthu amanenera. Matayala ndi ofewa, limodzi linathyoka pa simenti yathu ya mabampu. Thanki imafuna kutsukidwa sabata iliyonse, apo ayi pansi pake pamachita ndere ndipo fungo lake limamveka chipinda chonse. Komanso tsiku lotentha kwambiri imamaliza madzi onse, ndiye mipope ikauma kwa masiku angapo, monga zimachitikira kuno, sungathire m'makina madzi a m'ndowa amene ukusungira kuphika ndi kusamba.

Chomwe chatithandiza kuposa makinawa ndi usiku wa kuno. Ine kwathu ndi ku Chikwawa, kumene mwezi wa Okutobala umagona pamkeka panja koma thukuta lili kamukamu mpaka mbandakucha. Kuno dzuwa likangolowa kunja kumayamba kuzizira, kutentha kumangotsalira m'malata ndi m'makoma. Ndiye ikamati 7 koloko timatsegula windo ndi chitseko, makina n'kumakoka mphepo ya kunja, ndipo m'mawa tisanapite kuntchito timatseka makatani kuti dzuwa lisalowe. Nyemba ndi zina zochedwa kupsa mayi amaphikira pakhomo, chifukwa hotipuleti yokha imatenthetsa chipinda kuposa mmene air cooler ingaziziritsire.

Mwezi wa Novembala ndinakambirana ndi alandilodi kuti tipake penti yoyera padenga, popeza malata akuda ndi dzimbiri amamwa dzuwa pamene oyera amalibweza. Anavomera kuti ndigule penti, iwo achotsere pa lendi. Tinapaka Loweruka lina m'mawa malata asanatenthe, ndipo masana a tsiku lotsatira ndinatha kuimirira m'chipinda osamva moto pamutu. Anzathu a chipinda choyandikana nafe alibe air cooler, koma nawonso apempha kuti awapakire mbali yawo.