Malimu a sipoti pa misewu ya Kasungu: akaunjika a ku Japan, atsopano a m'katoni, kapena achitsulo omwewo?

Ndalama za fodya kapena za soya zikangolowa m'thumba, eni ma Axio, Fielder, Vitz ndi Sienta pa Kasungu pano amafunsa funso limodzi: ndiike malimu ati kuti galimoto itchene? Njira zilipo zitatu. Pali malimu a aluminiyamu akaunjika ochokera ku Japan, pali atsopano owala ngati kalilole amene amabwera m'makatoni, ndipo pali achitsulo amene galimoto idabwera nawo. Ine mtima wanga uli pa akaunjika a saizi 15, ndipo sindibisa. Atsopano a saizi 17 ndili nawo chifukwa, chifukwa mtengo umene wogulitsa amatchula si umene mudzalipire.

Tiyambe ndi saizi, poti ndi pamene ambiri amagwera. Limu ikakula, mnofu wa tayala uyenera kuchepa kuti gudumu lonse likhalebe la msinkhu womwewo. Tayala la 185/65R15 lili ndi mnofu wa mamilimita 120 kuchokera pa mlomo wa limu kufika pamene limaponda pansi. La 195/55R16 lili ndi 107. La 205/45R17 latsala ndi 92 basi. Onse atatu msinkhu wake ndi wofanana, pakati pa mamilimita 616 ndi 622, choncho pa pepala onse akukwana. Koma kadutseni nawo njira ya fumbi yopita ku Chamama kapena ku Chulu, kapena mugwere m'dzenje la pa tala usiku mvula itadzazamo madzi. Mnofu uja ndiwo umamwa nkhonya. Ukachepa, tayala limafinyika mpaka mlomo wa limu kugunda m'mphepete mwa dzenje, ndipo m'mawa mwake mumapeza chotupa m'mbali mwa tayala ngati dzira la nkhuku. Chotupacho sichimatika, ulusi wa m'kati waduka. Limu nayo imapindika chakumkati kumene simukuonako, n'kuyamba kutulutsa mpweya pang'onopang'ono.

Ena pothawa mtengo wa 205/45R17 amagula 205/40R17. Ili msinkhu wake ndi mamilimita 596, kutanthauza kuti lachepa ndi 4 pa 100 alionse, pomwe lamulo la amakaniko ndi loti musapitirire 3. Galimoto imatsika ndi mamilimita pafupifupi 13, ndipo sipido ikamaonetsa 100 mumakhala mukuyenda mochedwerapo kusiyana ndi mmene mumayendera kale pa 100 yemweyo. Onjezerani apo kuti matayala a saizi 14 ndi 15 mumawapeza pa boma pomwe pano, ngakhale pa Santhe kapena pa Nkhamenya mwina mupeza lakaunjika loti mufikire kunyumba. La saizi 17 lopyapyala likaphulika, ulendo wa ku Lilongwe wakupezani, makilomita oposa 120 pa sipeya.

Za mabowo ndi zachidule koma musazilumphe. Vitz, Passo, Probox, Demio, Honda Fit ndi Nissan Note ndi 4x100, kutanthauza mabowo anayi okhala pa bwalo lotakasuka mamilimita 100. Premio ndi Allion ndi 5x100. Noah, Voxy ndi Mark X ndi 5x114.3. Hiace ndi Hilux ya mabauti 6 ndi 6x139.7. Sienta samalani nayo: yakale ija ndi 4x100, yotsatira ndi 5x100. Nissan Tiida yoyamba ili ndi mabowo anayi, koma ina ndi 4x100 pomwe ina ndi 4x114.3, imene malimu a Note salowa. Pa limu ya mabowo anayi, yezani ndi lula kuchokera pakati pa bowo limodzi kufika pakati pa loyang'anizana nalo. Choopsa ndi limu ya 5x112, ya magalimoto a ku Germany, chifukwa pa Noah imaoneka ngati yalowa. Manati amakoka mabauti cham'mbali, ndipo tsiku lina amathyoka limodzilimodzi.

Tsopano nkhani imene imandipweteka mutu, manati ndi bowo la pakati.

Tembenuzani limu ya aluminiyamu ya Toyota ya ku fakitale muyang'ane m'mabowo mwake. Pansi pake ndi pafulati, ndipo nati yake ili ndi washa ndi kakhosi kolowa m'bowo. Limu ya Honda ya ku fakitale pokhala nati ndi pozungulira ngati kambale. Malimu ambiri a m'katoni, ndiponso akaunjika amene si a ku fakitale, pokhala nati ndi posongoka ngati fanelo, pa madigiri 60. Mitundu itatu imeneyi siisinthana. Nati ya washa pa limu ya fanelo imangogwira ndi kamlomo kakang'ono. Sipanala imalimba bwinobwino, mukhulupirira kuti zatheka, koma pakatha masabata awiri pa msewu wa mabampu aluminiyamu uja wadyeka, nati yamasuka, bowo lasanduka lowulungika ngati dzira. Limu yotere yatha ntchito. Wogulitsa wa m'katoni kawirikawiri satchula za manati mpaka mutalipira, kenako ndi pamene amatulutsa kapaketi ka manati 16 kapena 20 ka mtengo wakewake. Ndipo thiredi, mizere imene nati imayendamo pa bauti, nayo imasiyana: Toyota, Honda ndi Mazda ndi M12x1.5, pomwe Nissan, Subaru ndi Suzuki zambiri ndi M12x1.25. Nati yolakwika imalowa kawiri katatu n'kuuma. Mnyamata wa pa matayala akaikakamiza ndi chitsulo chachitali, bauti yapita.

Palinso kena. Mabowo a malimu ambiri a sitayilo ndi opapatiza moti sipanala ya 21 ya Toyota kapena ya 19 ya Honda siilowa. Amafuna manati owonda okhala ndi kiyi wake. Kiyi ameneyo akatsala pa garaja, tayala n'kuphwa pa Mtunthama dzuwa litalowa, jeke muli naye, sipeya muli nayo, koma gudumu silichoka.

Bowo la pakati ndi limene limakhazika limu pa habu, chitsulo chomangirapo gudumu, kuti izungulire mowongoka. Pa Toyota zing'onozing'ono ndi Demio ndi mamilimita 54.1, pa Honda Fit ndi 56.1, pa Nissan Note ndi 60.1, pa Noah ndi Mark X ndi 60.1 yomweyo. Malimu a m'katoni amabooledwa motakasuka, 67.1 kapena 73.1, kuti alowe pa galimoto iliyonse. Mpata wotsalawo umatsekedwa ndi timphete timene ogulitsa amati ma hub ring, mwachitsanzo 73.1 kupita ku 54.1. Popanda timpheteto, limu imangodalira manati kuti ikhale pakati, ndipo ikangosempha ndi theka la milimita, chiwongolero chimayamba kunjenjemera mukafika cha m'ma 80 mpaka 100 pa M1. Mwini galimoto amapita kukachititsa balansi, kulipira, kubwerera, kukachititsanso, kenako kusintha ma tie rod osalakwa. Pa makina a balansi gudumu limaoneka langwiro chifukwa makinawo amaligwira pakati ndi koni yawo. Timphete tinayi si todula, koma pa Kasungu kutipeza ta saizi yanu ndi mwayi, ndiye tiguleni tsiku lomwelo pamodzi ndi malimu, ndipo wogulitsa akati "sitifunika, bwana", tulukani. Dziwaninso kuti limu ya Vitz siikhala pa Fit ngakhale mabowo onse ali 4x100, poti 54.1 siilowa pa habu ya 56.1.

Werengani tsono: malimu anayi, matayala anayi atsopano poti akale salowa, manati, kiyi, timphete, mavalavu anayi, balansi, alayimenti. Limu ya Toyota yakaunjika ya saizi yomwe muli nayo kale imafuna manati a washa ndi balansi basi, matayala ndi omwewo.

Akaunjika nawo ali ndi matenda awo, ndisawayeretse. Ambiri adagwira ntchito nyengo ya chisanu ku Japan kumene amathira mchere m'misewu, choncho pamene tayala limakhala pa limu pamakhala potuwa, pofufuma ngati ufa. Pamenepo mpweya umadontha. Mankhwala ake ndi kuchotsa tayala, kupala ndi sandipepa mpaka posalala, kenako kubwezera. Ena amabwera atavala matayala a chisanu, olembedwa STUDLESS kapena okhala ndi kachithunzi ka phiri. Mizere yake imaoneka yakuya, yokopa, koma labala wake ndi wofewa, pa tala wotentha wa mwezi wa Okutobala amatha msanga ndipo buleki siigwira bwino. Onaninso manambala anayi a m'mbali: 2319 ndiye kuti lidapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Musalipirire matayala otere ngati gawo la mtengo.

Choipitsitsa ndi limu yowotcherera yopakidwa penti. Musagule limu tayala lili pomwepo, ndipo musagule yonyowa penti osaiona kuseri. Yendetsani chala m'mlomo wam'kati kuzungulira konse. Pamene adawotcherera pamamveka kachitunda, kapena pamaoneka mikwingwirima ya galayindala pansi pa penti. Ikwezeni pa habu, muizungulitse mutagwira choko pafupi ndi mlomo. Choko chikamakhudza mbali imodzi yokha, yapindika. Mng'alu waung'ono wa pa mlomo wam'kati, mmisiri wa makina a argon angathe kuumata. Mng'alu wa pa mwendo wa limu kapena pafupi ndi mabowo a manati, imeneyo ndi ya osula mapoto. Kuseri komweko mupeza zolemba zopangidwira m'chitsulo momwemo, monga 15x6J (saizi 15, mainchesi 6 m'lifupi) ndi nambala ya offset (ndiifotokoza m'munsimu) ngati 45, komanso chidindo cha JWL cha muyezo wa kulimba kwa malimu wa ku Japan. Pa Probox kapena Hiace yonyamula matumba a chimanga funani JWL-T, chifukwa ndiyo yoyesedwera katundu.

Atsopano a m'katoni si onse oipa. Alipo a makampani enieni monga Enkei, okhala ndi JWL ndi VIA, koma mtengo wake umadziwika kuti ndi enieni. Amene adzaza msika ndi okopera maonekedwe a BBS kapena Rays, ndipo zidindo nazo amakopera. Limu yosalembedwa kulemera kumene inganyamule, kapena imene saizi yake ili pa kapepala komata kokha, ndimaiona ngati chokongoletsera pabalaza. Aluminiyamu wotchipa akagunda dzenje nthawi zambiri amang'aluka m'malo mopindika. Pa kuwala pokha, apo apambana, palibe mkangano.

Achitsulo anthu amawanyoza, koma kwa munthu wa Sienta yonyamula anthu kupita ku midzi, kapena woyenda M18 kulowera ku Kamwendo n'kupatukira m'misewu ya m'maesiteti, palibe owaposa. Ikapindika, hamala ndi chipika zimaiwongola pansi pa mtengo, mupope, muzipita. Ipakeni penti yakuda, muveke zivindikiro, muzimange ndi timalamba ta pulasitiki tiwiri kuti zisathawe pa mabampu.

Offset ndi imene imanena kuti gudumu lilowa m'kati kapena lituluka kunja. Toyota zing'onozing'ono zambiri zimakhala cha pa 39 mpaka 45. Mukaika limu ya mainchesi 7 m'lifupi ya offset 30 kapena 35, gudumu limatuluka, galimoto imaoneka yojintcha, koma mukanyamula anthu atatu kumbuyo tayala limakhula mudigadi, ndipo matope a Januwale amamwazikira pa zitseko. Mabelingi nawo amavutika chifukwa katundu wasunthira kunja. Masipesa, timbale toika pakati pa habu ndi limu, amabweretsa vuto lomwelo, n'kuwonjezerapo lina: amadya utali wa bauti. Nati ya M12x1.5 iyenera kuzungulira kasanu n'katatu isanalimbe. Sipesa ya mamilimita 5 imachotsapo kuzungulira kopitirira katatu. Ngati yanu ikulimba itangozungulira kanayi, chotsani sipesayo.

Kudula masipuling'i ndi galayindala kuti galimoto itsike sindikuyikapo n'komwe pa mpikisano. Mashoko amagunda pansi, sipuling'i imatha kuchoka pampando wake, ndipo sampu ya injini ndi imene imakumana ndi hampu yoyamba. Milomo ya fayiba ya pansi pa bampala nayo siitha nyengo imodzi ya mvula. Amene akufuna galimoto isinthe nkhope ndi ndalama zochepa, apentetse malimu amene ali nawo mtundu wotuwa moderako, asinthe magalasi a nyali achikasu aja powapukuta ndi polishi, aone kusiyana kwake.

Ndiye kwa Axio, Fielder, Vitz kapena Fit yoyenda pa tala ndi pa fumbi pomwe, ndikanasankha akaunjika a ku fakitale ya galimoto yomweyo, saizi 15. Saizi 16 ndingalole kwa amene sachoka pa M1. Saizi 17 ndi ya magalimoto amene adabadwa nayo. Mulimonse mmene mwasankhira, pomanga yambani ndi dzanja, gudumu lili m'mwamba, modumphadumpha bowo ili kenako loyang'anizana nalo. Mukatsitsa jeke limbitsani ndi sipanala yoyezera kulimba pa 103 Nm ngati ndi Toyota, 108 ngati ndi Honda, osakwerapo ndi phazi, osathira mafuta pa mabauti. Mukayenda makilomita 50 mpaka 100, imani muyesenso nati iliyonse, chifukwa pa limu ya aluminiyamu yongoikidwa kumene manati amakhazikika n'kumasuka pang'ono. Manati akale anayi kapena asanu asungeni m'buti pamodzi ndi sipanala yake, sipeya yanu ikadali yachitsulo.