Player's Handbook ya 2024 patatha miyezi yambiri tikuisewera

Buku latsopano la osewera a Dungeons & Dragons (Player's Handbook) litatuluka mu Seputembala 2024, pamene masewerawa, a patebulo oyerekezera nkhani pogwiritsa ntchito madayisi, ankakwanitsa zaka 50 chiyambireni mu 1974, anthu ambiri analiyamikira chifukwa cha zithunzi ndi kukula kwake. Ndi buku lokongoladi, la masamba 384. Koma buku lamasewera silidziwika poliwerenga pampando. Limadziwika pamene anthu asanu azungulira tebulo, madayisi akugubuduzika, wina akufunsa lamulo pakati pa nkhondo. Ine ndimayendetsa masewera pagulu lathu (ndimafotokoza nkhani ndi kusewera ngati zilombo), ndipo tsopano ndaliona mokwanira kuti ndinene maganizo anga.

Chimene sindinasinthe nacho maganizo n'chakuti bukuli limaphunzitsa bwino kuposa la 2014. Limayamba ndi kasewerede, kenako n'kumufikitsa munthu popanga munthu wake wa m'nkhani. Kumapeto kuli mndandanda wa malamulo motsatira alifabeti, ndipo masamba amenewa ndi amene ada kwambiri ndi zala m'buku langa. Kale mkangano wokhudza kugwira mdani kapena kubisala unkatidyera mphindi zambiri. Lero timatsegula kumapeto, kuwerenga ndime imodzi, basi masewera n'kupitirira. Mlongo wina amene anali asanagwirepo dayisi ya mbali 20 anapanga Cleric (wansembe wochiritsa) wake madzulo amodzi popanda ine kumuuza chilichonse. Chamuthandizanso n'chakuti makalasi onse 12 (ntchito za anthu a m'nkhani, monga Cleric) tsopano amasankha nthambi yawo pa levulo 3, choncho wongoyamba kumene sakakamizidwa kusankha zinthu zikuluzikulu tsiku loyamba.

Nkhani yaikulu ili pa Weapon Mastery, lamulo latsopano la ukatswiri wa zida. Chida chilichonse chili ndi luso lakelake, ndipo maluso onse alipo 8. Topple amachititsa mdani kuponya dayisi kuti asagwe pansi, Vex amakupatsa mwayi woposa pa kumenya kotsatira, Sap amafooketsa dzanja la mdani, pomwe Graze amavulazako pang'ono ngakhale waphonya. Milungu yoyamba osewera Fighter ndi Barbarian, makalasi omenya ndi zida, ankachita kuwala nkhope. Kwa zaka zambiri iwo ankangoti "ndamenya" pamene amatsenga akusankha pakati pa zinthu khumi. Tsopano nawonso ali ndi choganizira, ndipo zimenezi ndimazikonda kuchokera pansi pamtima.

Mtolo wake umagwera woyendetsa masewera. Fighter wa levulo 5 amamenya kawiri, ndipo ngati ali ndi Topple, ine ndimaponyera chilombo dayisi pa kumenya kulikonse kumene kwalasa. Ndiyenera kukumbukira kuti uyu wagwa, uyo wafooka, winayo akuyenda pang'onopang'ono. Nkhondo imene inkatha mu theka la ola inayamba kuyandikira ola lathunthu. Chimene chinatithandiza ndi zitsekerero za mabotolo: wosewera amene waika chilema pa chilombo amaika yekha chitsekerero pambali pake, ndipo akaiwala, chilemacho palibe. Kuyambira pamenepo zinthu zinapepuka, ngakhale kuti nkhondo n'zazitalibe kuposa kale.

Osewera analimbanso m'njira zina. Matsenga a Cure Wounds amachiritsa ndi madayisi awiri a mbali 8 m'malo mwa imodzi, kumwa mankhwala ochiritsa sikudyanso mpata wonse wa munthu, ndipo aliyense amayamba ndi luso lapadera pa levulo 1. Monk (womenya ndi manja), amene kale ankatha mphamvu msanga, lero ndi mmodzi mwa osangalatsa kusewera. Chifukwa cha zimenezi, miyezi imene tinkagwiritsa ntchito zilombo za m'buku lakale inali yofewa mopitirira. Zilombo zinkagwa zisanachite kanthu. Monster Manual (buku la zilombo) yatsopano, imene inatuluka mu Febuluwale 2025 ndi zilombo zoposa 500, ndiyo inabwezeretsa mantha patebulo. Mmbulu ukaluma munthu wa msinkhu wamba, amagwa pansi pompo, popanda dayisi yodzipulumutsira. Osewera anga anadandaula tsiku loyamba, koma anayamba kuganiza asanathamangire m'tchire. Ndiye ngati ndinu woyendetsa masewera, musaweruze buku la osewera palokha. Awiriwa anapangidwa kuti aziyendera limodzi.

Pali chimodzi chimene chimandiwawabe. Mphamvu zoonjezera za munthu tsopano zimachokera ku mbiri ya moyo wake wakale, osati ku mtundu wake monga Orc kapena Elf. Ganizo lake ndi labwino, chifukwa Orc akhoza kukhala wanzeru ngati Elf. Koma mbiri iliyonse mwa 16 zimene zilimo inamangidwa ku mphamvu zitatu zokha. Mnzathu wina ankafuna Wizard (wamatsenga) amene anakulira kumunda, mwana wa mlimi amene anaphunzira matsenga atakula. Mbiri ya Farmer (mlimi) imapereka Strength, Constitution ndi Wisdom, koma Intelligence, mphamvu imene Wizard amadalira, mulibe. Ndiye kuti mwana wa mlimi akhale Wizard wotsalira kwa anzake? Ambiri a ife tinakulira m'mabanja olima, ndipo lamulo limeneli silinatikomere ngakhale pang'ono. Dungeon Master's Guide (buku la woyendetsa masewera) ya Novembala 2024 imalola kupanga mbiri yakoyako, ndipo ndi zimene timachita, koma chilolezo chimenechi chikanayenera kukhala m'manja mwa wosewera kuyambira pachiyambi. Amene ankakonda Half-Elf ndi Half-Orc adziwenso kuti pa mitundu 10 ya m'bukuli iwowa mulibe.

Nanga mugule? Ngati mukuyamba kumene, inde, yambirani pano. Mtengo wake ku America unali madola 49.99 potuluka mu 2024, ndipo kulifikitsa kutali kumaonjezera ndalama, choncho yambani mwayesa malamulo aulere amene ali pa webusaiti ya D&D Beyond. Buku limodzi limakwanira gulu lonse ngati mukubwerekana. Ngati muli ndi mabuku a 2014 ndipo nkhani yanu ili pakatikati, musathamange. Malizani kaye, mudzasinthe poyamba nkhani ina, chifukwa kusakaniza anthu a m'nkhani opangidwa ndi malamulo akale ndi atsopano patebulo limodzi kumasiya ena akuoneka ofooka.

Kwa gulu limene limakumana maola awiri okha, ndinganene kuti muonenso masewera ena otere, Shadowdark ya Kelsey Dionne, ya 2023. Ili ndi makalasi anayi, munthu amapangidwa m'mphindi zochepa, ndipo muuni umayaka ola limodzi lenileni la pawotchi, kotero palibe amene amataya nthawi. Timaisewera tsiku limene ena sanabwere. Nkhani yathu yaitali ikupitirirabe ndi Player's Handbook ya 2024, ndipo Wizard wa kumunda uja tsopano ali pa levulo 7.