Kosi ya Ethics of AI ya Yunivesite ya Helsinki: Yakonzedwa Bwino, Koma Ikufikira Ndani?

Kosi ya Ethics of AI (chabwino ndi choipa pa kagwiritsidwe ntchito ka nzeru zamakina, zimene mwachidule amati AI), imene yunivesite ya Helsinki ya ku Finland imaphunzitsa kwaulere pa intaneti, inatsegulidwa mu Novembala 2020, ndipo amene anatsogolera ntchito yoikonza ndi Anna-Mari Rusanen. Inabwera pambuyo pa kosi ina ya yunivesite yomweyi, ya Elements of AI, imene inayamba mu 2018 mogwirizana ndi kampani ya Reaktor, cholinga chake chili chakuti munthu mmodzi mwa anthu 100 alionse a m'dzikolo adziweko zoyambirira za nzeru zamakina. Kosi yoyambayo imafotokoza mmene makina amaphunzirira kuchokera ku deta. Yachiwiriyi imafunsa funso lolemera kuposa pamenepo: kodi n'koyenera kupatsa makina ntchito yosankha zinthu zokhudza moyo wa munthu, nanga akamulakwira munthuyo, woyankha mlandu ndani?

Kulembetsa sikuvuta ndipo wophunzira safunika kudziwa kulemba mapulogalamu a kompyuta kapena masamu apamwamba. Pali mitu 7, kuyambira pa tanthauzo la phunziroli, kudzera pa kupewa kuvulaza anthu, kuyankha mlandu, kuchita zinthu poyera, ufulu wachibadwidwe ndi chilungamo, mpaka pa kagwiritsidwe ntchito ka mfundozi. Ndime zake n'zazifupi, Chingerezi chake n'chosavuta kwenikweni, ndipo munthu amaphunzira pa nthawi imene wapeza mpata.

Chimene chinandigwira mtima ndi chakuti kosiyi siipatsa wophunzira mndandanda wa malamulo oti aloweze. Imamuika pamalo pamene zinthu ziwiri zabwino zikulimbana, kenako n'kumuuza kuti asankhe ndi kulemba chifukwa chake m'mawu akeake. Mutu wa kuchita zinthu poyera ndi chitsanzo chabwino. Aliyense angavomere msanga kuti munthu amene wakanizidwa ngongole ayenera kuuzidwa chifukwa chake, koma pulogalamu imene imalosera molondola kwambiri nthawi zina imakhala yomweyo imene ngakhale oipanga sangathe kufotokoza bwinobwino mmene yafikira pa yankho lake, ndipo kuulula zonse kungathandizenso anthu achinyengo kudziwa pozembera. Wophunzira amene analowa ali ndi yankho lake lokonzeka amatuluka akulikayikira, ndipo imeneyo ndiyo ntchito ya yunivesite.

Mphamvu ina ya kosiyi ndi yakuti oikonza sanagwire ntchito ali okha m'maofesi mwawo. Anagwirizana ndi mizinda ya Helsinki, Amsterdam ndi London komanso unduna wa zachuma wa ku Finland, choncho maganizo ake ali pafupi ndi ntchito yeniyeni yotumikira anthu. Mu Seputembala 2020, Helsinki ndi Amsterdam inakhazikitsa kaundula wa pa intaneti wa mapulogalamu a AI amene mizindayi imagwiritsa ntchito. Munthu akatsegula kaundula wa Amsterdam amapezamo, mwa zina, galimoto zokhala ndi makamera zimene zimayenda m'misewu n'kumajambula manambala a galimoto zoimikidwa pofuna kuona ngati eni ake alipira, ndipo amawerenga deta imene imagwiritsidwa ntchito, pamene munthu amalowererapo, ndi ofesi imene ili ndi udindo. Mawu akuti "kuchita zinthu poyera" amamveka mosiyana munthu akaona chinthu choterocho.

Mutu wa chilungamo ndiwo ndikanakonda ukanapatsidwa malo ochuluka, chifukwa apa m'pamene kafukufuku wa m'mayunivesite wathandiza kwambiri. Mu 2016, atolankhani a ProPublica anafufuza pulogalamu ya COMPAS, imene imagwiritsidwa ntchito m'madera ena a ku America poyerekezera ngati wopalamula angadzapalamulenso. Anapeza kuti mwa anthu akuda amene sanapalamulenso, pafupifupi 45 pa 100 alionse anali ataikidwa m'gulu la oopsa, pamene mwa azungu anali pafupifupi 23 pa 100 alionse. Kampani imene inapanga pulogalamuyo inayankha kuti maperesenti ake amatanthauza chimodzimodzi kwa anthu a mitundu yonse iwiri. Ofufuza ngati Jon Kleinberg wa ku yunivesite ya Cornell ndi Alexandra Chouldechova, amene panthawiyo anali ku yunivesite ya Carnegie Mellon, anasonyeza ndi masamu kuti pamene magulu awiri ali ndi chiwerengero chosiyana cha opalamulanso, miyezo iwiri ya chilungamo imeneyi singakwaniritsidwe pamodzi. Ndiye kuti wina ayenera kusankha muyezo woti atsatire, ndipo chosankhacho n'cha anthu, osati cha makina. Mu 2018, Joy Buolamwini wa ku yunivesite ya MIT ndi Timnit Gebru anapezanso kuti mapulogalamu ogulitsidwa ozindikira ngati nkhope ndi ya mwamuna kapena mkazi ankalakwitsa kufika pa 34.7 peresenti pa akazi akhungu lakuda, koma osapitirira 0.8 peresenti pa amuna akhungu loyera. Wowerenga mutuwu angachite bwino kukhala ndi nkhani ziwirizi pambali pake.

Zofooka zilipo. Maziko a kosiyi anayalidwa ChatGPT, pulogalamu ya AI yoyankha mafunso ndi kulemba nkhani, isanatuluke mu Novembala 2022, komanso lamulo la European Union lokhudza AI lisanayambe kugwira ntchito mu Ogasiti 2024, moti amene nkhawa yake yaikulu ndi ophunzira olembetsa ntchito zawo kwa makina, kapena umwini wa zolemba zimene makinawa amaphunzirirapo, adzafunika kuwerenganso kwina. Maganizo ake ambiri ndi ochokera ku Ulaya, kumene kuli malamulo okhwima oteteza deta ndi mabungwe okhala ndi ndalama zowatsatitsira. Mfundo zokhudza AI za UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi sayansi, zimene mayiko 193 anavomereza mu Novembala 2021 zikukhudza dziko lonse, koma zinabwera patatha chaka kosiyi itatsegulidwa. Ndiponso popeza m'kosiyi mayankho ena amaunikidwa ndi ophunzira anzako, phindu lake limadalira khama la amene wakuwerengerayo.

Koma vuto lalikulu silili m'kati mwa kosiyi. Kosi yaulere yosakakamiza imakopa anthu amene ali kale ndi chidwi ndi nkhaniyi, pamene wophunzira wa sayansi ya makompyuta amene mawa adzalemba pulogalamu yosefa makalata ofunsira ntchito angamalize digiri yake osaimvako n'komwe. Ku yunivesite ya Harvard, ku America, anayesa njira ina kuyambira mu 2017, pamene Barbara Grosz wa sayansi ya makompyuta ndi Alison Simmons wa filosofi anayambitsa Embedded EthiCS, yomwe imalowetsa mafunso a chabwino ndi choipa m'kati mwenimweni mwa makosi a makompyuta, kuti wophunzira akumane nawo tsiku lomwe akuphunzira luso lenilenilo. Mwa njira ziwirizi, ya ku Harvard ndiyo ndikuiona kuti ingasinthe zimene zimapangidwa, ngakhale kuti imafuna aphunzitsi a madipatimenti awiri ogwirizana, chinthu chimene si yunivesite iliyonse ingakwanitse.

Kosi ya ku Helsinki ndingailimbikitse kwa wogwira ntchito m'boma amene ofesi yake ikufuna kugula pulogalamu ya AI, kwa mtolankhani, ndiponso makamaka kwa mphunzitsi wa payunivesite, amene angapatse ophunzira ake mutu umodzi woti awerenge sabata iliyonse n'kudzakambirana nawo m'kalasi pogwiritsa ntchito pulogalamu imene iwo eni akulemba.